Knuckle ya kumanzere pa Golf 5 GTI: mmene tinapezera yolondola

Galimotoyi inafika pa galaja yanga ku Blantyre mu February 2024, mvula ili pachimake. Inali Volkswagen Golf 5 GTI ya 2007, yakuda, ya injini ya 2.0 TFSI, imene inalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Eni ake ndi bambo wachinyamata, mmodzi wa anthu aja amatsuka okha galimoto yawo Loweruka lililonse, amene amamva ngakhale kaphokoso koti ife amakaniko timachita kutchera khutu kuti tikamve. Atatsika sanazungulire.

"Madala, galimotoyi si ija ndimaidziwa ija. Ndikaponda buleki ikumakokera kumanja, ndipo ndikamakhotera kumanja kutsogoloku kukumapendekeka ngati bwato. Alayimenti ndapangitsa katatu, palibe chasintha."

Nditawafunsa kuti zinayamba liti, anati ndi mu December. Ankachokera ku Lilongwe usiku pa msewu wa M1 wodzera ku Zalewa, ndipo tayala lakutsogolo lakumanzere linagwera m'dzenje lodzadza madzi ali pa liwiro. Tayala linaphulika, rimu inang'aluka, ndipo atatuluka ndi tochi anapeza mwendowo ukuyang'ana kwina, unzake ukuyang'ana kwina. Galimoto anaikokera ku galaja ina, komwe inagona masabata awiri. Pokaitenga anawauza kuti knuckle, chitsulo cha kuseri kwa tayala chimene zida zonse za pa mwendo zimagwirapo, inapindika ndipo aikamo ina ya Golf 5. Iwo analipira n'kumapita.

Mawu akuti "ya Golf 5" ndi amene anandiimika. Ndawamva kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala litabisala momwemo.

Zimene tinapeza

Ndisanaikweze pa jeke ndinaiimika pa simenti yosalala, n'kuyeza ndi tepi kuchokera pakati pa habu, pamene rimu imamangidwa, kufika pa mlomo wa fenda. Kumanzere kunali kokwera kuposa kumanja ndi pafupifupi 15 mm. Nambala imeneyi ndinaizindikira msanga, chifukwa GTI imachoka ku fakitale itatsitsidwa ndi 15 mm poyerekeza ndi Golf wamba. Kenako ndinagwada n'kusuzumira pakati pa masipoko a rimu ya mainchesi 17. Kumanja disiki ya buleki inkadzadza rimu bwinobwino. Kumanzere mpata wa pakati pa disiki ndi rimu unali woti zala zinkalowa momasuka. Kalipa ya kumanzereyo, chija chimafinya disiki mukaponda buleki, inali yofiira ndithu monga zimakhalira pa GTI, koma nditayandikiza tochi ndinaona timizere ta bulashi mu pentiyo, ndipo ina inadonthera pa labala ya payipi ya buleki. Munthu anaipenta pamanja kuti ifanane ndi inzake.

Titachotsa matayala onse awiri ndinamutuma mnyamata wanga kuti atenge vernier, kachida koyezera kukula kwa zitsulo molondola. Disiki ya kumanja inali ya 312 mm, yokhuthala 25 mm ikakhala yatsopano. Ya kumanzere inali ya 280 mm, mtundu uja wokhuthala 22 mm. Thupi la shoko pamene limalowa mu knuckle, kumanja 55 mm, kumanzere 50 mm. Kuseri kwa knuckle, beringi ya kumanja inamangidwa ndi mabawuti anayi, ya kumanzere atatu. Sipuling'i ya kumanzere inali ya waya wowonda, ndipo madontho a penti amene Volkswagen imaika pa masipuling'i ake anali a mitundu ina, osafanana ndi a kumanja.

Zinali zoonekeratu tsopano. Anzathu aja sanasinthe knuckle yokha. Anagula mwendo wonse kwa ogulitsa zida zakale, knuckle, shoko, sipuling'i, beringi, disiki ndi kalipa, zonse zochokera pa Golf 5 ya injini yaing'ono, n'kuumanga wonse pamodzi. Ndipo unalowa. Pamwamba mabawuti atatu a shoko anagwirizana, pansi ball joint, mfundo yolumikiza knuckle ku mkono wa pansi, inagwira, draivishafti inalowa mu habu, rimu nayo inakhala chifukwa mabowo ndi amodzimodzi, 5x112. Kulowa kumeneku ndi kumene kumapusitsa. Chitsulo chikakana kulowa aliyense amadziwa kuti walakwitsa, koma chikalowa mosavuta munthu amapukuta m'manja n'kunena kuti ntchito yatha.

Madandaulo onse a eni galimoto anali ndi mayankho pamenepo. Kalipa ikagwira disiki ya 312 mm imagwira patali ndi pakati pa tayala kuposa ikagwira ya 280 mm, monga momwe sipanala yaitali imamasulira nati imene yaifupi yalephera. Phazi limodzi, mafuta a buleki amodzi, koma tayala lakumanja limagwidwa mwamphamvu kuposa lakumanzere, ndiye galimoto imakokera kumene kwagwira kwambiriko. Disiki yaing'ono ndi yopyapyala imatenthanso msanga, choncho potsika phiri kusiyanako kumakula. Pokhotera kumanja kulemera konse kumatsamira pa mwendo wakumanzere, womwe unali ndi sipuling'i ndi shoko zofewa za galimoto yopepuka. Makina a alayimenti, owongolera kaimidwe ka matayala, sangachiritse zimenezi ngakhale mutapitako kakhumi.

Ndinawaitana eni ake kuti aone okha, ndipo ndinawagwiritsa vernier m'manja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye mwezi wonsewu ndakhala ndikunyamula ana anga pa galimoto ya miyendo iwiri yosiyana?" Ndinawayankha kuti inde achimwene, ndipo lero siituluka pano.

Knuckle yakale ija

Mwayi unalipo umodzi. Eni galimoto anaumirira kuti awapatse zitsulo zimene anachotsa, ndipo ngakhale shoko, sipuling'i ndi kalipa zinasowa, knuckle yoyambirira inali m'buti, m'thumba la feteleza. Nditaitulutsa ndinaona chimene chinachitika. Kamkono kamene tie rod end, mapeto a ndodo yochokera ku chiwongolero, imagwirapo kanapindikira mkati, ndipo pa tsinde pake chitsulo chinasintha mtundu, dzimbiri litapsa n'kuyoyoka. Anakawotcha ndi gasi kuti akawongole. Pansi pa malo owotchedwawo panali mng'alu woti chikhadabo chinkakodwamo.

Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa mchitidwewu ndi wofala pakati pathu. Knuckle ya galimotoyi ndi chitsulo chothiridwa mu chikombole. Mukachiwotcha n'kuchimenya, chimasintha mkati mwake ngakhale kunja chioneke chowongoka, ndipo simungadziwe tsiku limene chidzathyoke. Kamkono ka tie rod kakathyoka galimoto ikuyenda, tayala limenelo silimveranso chiwongolero. Sindiwongola knuckle, sindiiwotcherera, ndipo mnyamata aliyense wophunzira pa galaja yanga ndimamuuza zimenezi sabata yoyamba. Mng'alu umenewu unapulumutsa anthuwa, chifukwa ukanapanda kuoneka chitsulocho chikanabwerera pa galimoto.

Phindu la knuckle yowonongekayi linali lakuti inakhala muyeso wathu. Nambala yake inkawerengeka, ndipo malo onse omangirapo zinthu analipo.

Zoyenera kugwirizana

Anthu ambiri amaitchula kuti habu, koma habu ndi kaja kozungulira kamene rimu imamangidwapo. Knuckle siizungulira. Ndi chitsulo chimene china chilichonse cha pa mwendo chimagwirapo: shoko pamwamba, ball joint pansi, tie rod end chammbali, beringi pakati, buleki, ndi sensa ya ABS, makina oletsa matayala kukhukhuluzika mukaponda buleki mwamphamvu. Malo asanu ndi amodzi, ndipo posankha knuckle mukuyenera kuyankha mafunso asanu ndi amodzi, osati limodzi lakuti galimotoyo dzina lake ndani.

Golf 5 inamangidwa pa maziko amene Volkswagen imawatcha PQ35, omwenso ali pansi pa Golf 6, Jetta 5, Audi A3 8P, Škoda Octavia yachiwiri ndi SEAT León yachiwiri. Maziko amodzi anyamula injini za 1.4 mpaka 3.2 ya R32, ndiye zitsulo za kumiyendo sizingakhale zofanana. Kusiyana koyamba ndi bowo la shoko, 50 mm kapena 55 mm. Kwachiwiri ndi beringi, ya mabawuti atatu kapena anayi. Kwachitatu, kumene ambiri sakuona, ndi mmene buleki imagwirira. Pa galimoto za disiki ya 280 mm, zokhala ndi kalipa yotchedwa FS III, nyanga zimene mapadi amatsetserekapo zinaumbidwira limodzi ndi knuckle, ndipo mapini a kalipa amapotokolera mu knuckle mwenimwenimo. Palibe chimene mungachite kuti buleki ya GTI ikhalepo. Pa knuckle ya GTI pali makutu awiri okhala ndi mabowo, pamene mumamangapo bulaketi yapayokha, ndipo bulaketiyo ndi imene imanyamula kalipa patali mokwanira disiki ya 312 mm.

Kuti mudziwe chimene galimoto yanu inabadwa nacho, musafunse wogulitsa. Tsegulani buti, kwezani kapeti, ndipo chapafupi ndi tayala la sipeya mupeza kapepala koyera komatidwa kokhala ndi zilembo ndi manambala atatuatatu. Amenewo ndi ma PR code, ndipo kapepala komweko kamapezekanso koyambirira kwa buku la sevisi. Pakati pawo pali code ya mabuleki akutsogolo ndi ya mtundu wa masipuling'i ndi mashoko. Wogulitsa zida wodziwa ntchito yake akalandira nambala ya chasisi pamodzi ndi ma code amenewa amakupatsani nambala yeniyeni ya chitsulo. Pa galimotoyi kapepalako kanali konyowa koma kowerengeka, ndipo kanatsimikizira kuti inachoka ku fakitale ndi mabuleki a 312 mm. Ndimayang'ana zimenezi nthawi zonse pa galimoto zobwera kuchokera kunja, chifukwa baji ya GTI aliyense angagule n'kumata, ndipo galimoto ina imafika kuno itasinthidwa kale zitsulo ndi mwini wake woyamba.

Nambala ya knuckle ya gulu limeneli imayamba ndi 1K0 407 255 ikakhala ya kumanzere, ndi 1K0 407 256 ikakhala ya kumanja. Mwa chizolowezi cha Volkswagen, nambala yosagawika pawiri ndi ya kumanzere, yogawika ndi ya kumanja, ndipo kumanzere kwake ndi kwa munthu wokhala mkati akuyang'ana kutsogolo, posatengera kumene kuli chiwongolero. Koma manambala asanu ndi anayi amenewa amangokuuzani banja. Chimene chimasiyanitsa knuckle ya 1.6 ndi ya GTI ndi zilembo za kumapeto. Munthu akakuwerengerani nambala pafoni n'kulekera pa 255, sanakuuzeni kanthu. Ngakhale zilembozo zitagwirizana, ine ndimayezabe, chifukwa dzimbiri limadya chilembo mpaka china kumaoneka ngati chinzake.

Zinayi zimene zinabwera, ndi imene tinasankha

Njira yowongoka inali kugula yatsopano ya Volkswagen. Koma apa n'kuti patangopita miyezi itatu kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera mochititsa mantha. Eni galimoto ankayenera kugulanso mashoko, madisiki, mapadi, beringi, kalipa ndi sipuling'i. Tinagwirizana kuti zinthu zimene zimatha ndi ntchito tigule zatsopano, koma knuckle tifune yakale yabwino, popeza ndi chitsulo chosatha pokhapokha chitagundidwa kapena kuwonongedwa ndi makaniko. Ma knuckle atsopano otchipa opanda dzina la wopanga sindinawaganizire n'komwe. Ndinagwirapo ina imene bowo lake la ball joint linali lokhakhala ngati laboola ndi msomali.

Yoyamba anabwera nayo mnyamata wina wogulitsa zida zakale mutauni momwemuno, ataimangirira pa njinga yamoto. Mtundu wake unali wolondola: bowo la 55 mm, mabawuti anayi, makutu a bulaketi. Titaitsuka ndinatenga tie rod end yatsopano n'kuilowetsa m'bowo lake ndi dzanja. Bowo limeneli ndi losongokera mkati, ndipo pini ikalowa imayenera kugwira mozungulira monse n'kukana kugwedezeka ngakhale musanamange nati. Iyi inkagwedera kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto imene inachokerako inayenda nthawi yaitali nati ili yomasuka, ndipo bowo linakula mbali imodzi. Mnyamatayo anati, "Madala, mukamanga kwambiri igwira imeneyo." Ndinamuuza kuti igwira lero, koma pakatha mwezi nati idzamasukanso, chifukwa chimene chimagwira pamenepo ndi kukhudzana kwa zitsulo ziwirizo, osati nati. Anabwerera nayo.

Yachiwiri tinangoiona pa chithunzi cha pa WhatsApp. Wogulitsa analumbira kuti yachoka pa GTI, ndipo sananame. Nambala yake inkayamba ndi 5Q0. Imeneyo ndi ya Golf 7, yomangidwa pa maziko ena otchedwa MQB. Kuiona patali imafanana ndithu ndi ya Golf 5, koma ndi ya galimoto ina.

Yachitatu inatitengera nthawi yokambirana, chifukwa eni galimoto anaikonda. Msuweni wawo wa ku Johannesburg anapeza knuckle ya aluminiyamu ya Passat B6, ndipo iwo anali atawerengapo kuti anthu okonda liwiro amaika zimenezi pa GTI kuti mwendo upepuke. Ndi zoona, anthu amatero, ndipo mwendo wopepuka umatsatira msewu bwino. Koma kusintha kumeneko kumafuna mbali zonse ziwiri, ndipo kumafuna ma ball joint ake ogwirizana ndi bowo la knuckle ya aluminiyamuyo, osati amene ali pa GTI. Msuweniyo anali ndi imodzi yokha, ya kumanzere. Tikanabwereranso pomwe tinayambira, mwendo wina wotere, wina wotere. Ndinawauzanso maganizo anga, akuti pa misewu yathu ya maenje phindu la kupepukako ndi lochepa poyerekeza ndi vuto lodzasowa inzake tsiku limene adzagundenso. Ya chitsulo imapezeka pa magalimoto ambiri a banja limeneli. Anavomera, ngakhale nkhope inagwa pang'ono.

Yachinayi anaipeza msuweni yemweyo, pa Audi A3 8P imene inagundidwa kumbuyo. Mfundo imeneyi ndi yofunika, ndipo ndimapempha chithunzi cha galimoto yonse imene chitsulo chikuchokako: ngati inagundidwa kutsogolo mbali yomweyo, musagule. Ndinamutumizira mndandanda wa zithunzi zimene ndinkafuna. Nambala yonse mpaka zilembo zake, vernier ili m'bowo la shoko, kuseri kooneka mabowo anayi a beringi, makutu a buleki, ndi bowo la sensa ya ABS. Nambala inagwirizana ndi ya knuckle ya m'thumba la feteleza ija mpaka chilembo chomaliza. Anagulanso komweko kalipa ya kumanzere ndi bulaketi yake ya 312 mm zochoka pa GTI, ndi masipuling'i awiri a madontho ofanana ndi a kumanja kwathu. Katunduyo anakwera basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowera pa Mwanza.

Kuiyeza isanakwere pa galimoto

Itafika sindinaimange tsiku lomwelo. Tinaipala ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo kuoneka, n'kuinyika mu palafini kwa ola. Titaipukuta mpaka kuuma, tinapaka choko chosungunula pa tsinde la kamkono ka tie rod, pa makutu a buleki, ndi mozungulira mpata wa bawuti yofinya shoko. Iyi ndi njira yakale ya amisiri: ngati pali mng'alu, palafini wotsalira mkati amatuluka n'kujambula kamzere kakuda pa choko choyeracho. Mankhwala ofiira opopera amene amapangidwira ntchito imeneyi amaona bwino kuposa choko, ndipo amene ali nawo agwiritse ntchito amenewo. Choko chathu chinauma chili mbee.

Popeza tinkasintha mashoko onse awiri, ndinachotsanso knuckle ya kumanja kuti ikhale mboni. Tinaziika zonse ziwiri chafufumimba pa mbale yachitsulo yosalala, pamalo pamene beringi imakhala, ndipo tinayeza kutalika kwa kamkono ka tie rod kuchokera pa mbaleyo, ndiponso mtunda wochokera pa bowo la tie rod kufika pa la ball joint. Ziwirizo zinafanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Titaika yakale yowotchedwa ija pambali pake, kamkono kake kanali kosiyana moti simunafunikenso vernier. Pomaliza ndinayesa ball joint ndi tie rod end zatsopano m'mabowo ake, ndipo zonse zinagwira nganganga ndi dzanja lokha.

Bowo la sensa ya ABS linali ndi dzimbiri, ndipo tinalipala mosamala. Sensa imeneyi imawerenga mphete ya maginito imene ili pa beringi, ndipo dzimbiri likaikankhira kunja pang'ono pokha, nyali ya ABS ndi ya ESP, makina othandiza kuti galimoto isaterereke, zimayaka.

Kumanga

Mabawuti ambiri a pamwendo wa galimotoyi ndi aja omangidwa kamodzi. Mumawamanga kufika pa mlingo wake, kenako mumawapotokolanso ndi madigiri, ndipo pamenepo amatanuka. Akamasulidwa ntchito yawo yatha. Tinagula atsopano onse. A beringi anayi aja amamangidwa 70 Nm, umene ndi mlingo wa mphamvu yomangira, kuwonjezera madigiri 90, chimodzimodzinso bawuti yofinya shoko. Ya pakati pa draivishafti muyenera kuiyang'ana mutu musanamange, chifukwa ilipo mitundu yosiyana: ya makona 6 imafuna 200 Nm ndi madigiri 180, pamene ya makona 12 yokhala ndi timizere kunsi kwa mutu imafuna 70 Nm ndi madigiri 90. Ndipo galimoto isatsitsidwe kuti iime pa tayala bawuti imeneyi ili yomasuka, chifukwa beringi yatsopanoyo imawonongeka musanatuluke n'komwe pa geti.

Polowetsa shoko mu knuckle pali kachida kakang'ono kolowetsa mu mpata n'kukapotokola kuti bowo litseguke pang'ono, kamene m'mabuku a Volkswagen kali ndi nambala 3424. Mnyamata wanga anatola tchizulo ndi hamala, monga anaonera kwina, ndipo ndinamugwira dzanja. "Iwe, ukakhoma tchizulo mmenemo utsegula mopitirira, ndipo sudzatsekanso bwino." Ndaonapo ma knuckle abwinobwino atang'aluka pa mpata umenewu chifukwa cha tchizulo. Ndaonaponso shoko ya 50 mm itakulungidwa ndi chitini cha mafuta kuti ikwane m'bowo la 55 mm. Shoko ija imanyamula kulemera kwa galimoto pa malo amenewo, ndipo chitini chikaphwanyika imatsetserekera pansi kukakumana ndi draivishafti.

Tinamanga madisiki awiri atsopano a 312 mm ndi mapadi ake, kalipa yakale ija titaisintha malabala, payipi ya buleki yatsopano kumanzere, ndipo tinasintha mafuta onse a buleki ndi DOT 4. Control arm ya kumanzere, mkono wa pansi uja wogwira ball joint, tinaiyerekeza ndi inzake ndipo inali yowongoka. Mabawuti a matayala 120 Nm. Titaitsitsa n'kuigwedeza, tepi inaonetsa kuti mbali zonse zafanana.

Alayimenti, ndi chimene chinatsalira

Ndinapita nayo ndekha kwa anzanga a makina a alayimenti, ndipo ndinapempha kuti asangoyeza toe, kumene matayala akuloza. Ndinkafuna camber (kugonera kwa tayala mkati kapena kunja), caster (kupendekera kwa mwendo kutsogolo kapena kumbuyo), ndi kupendekeka kwa mzere umene mwendo umazungulirapo pokhota, umene makina amaulemba kuti SAI. Mukaphatikiza SAI ndi camber mumapeza included angle, ndipo nambala imeneyi ndi imene imaulula knuckle kapena shoko yopindika: ikasiyana kumanzere ndi kumanja, vuto lili mu zitsulo ziwiri zimenezo. Pa galimotoyi inafanana mbali zonse, ndipo mtima wanga unakhala pansi pa nkhani ya knuckle.

Camber yokha ndi imene inasiyana. Tayala lakumanzere linagonera mkati kuposa lakumanja ndi pafupifupi digiri yathunthu, pamene kusiyana kololedwa ndi theka la digiri. Included angle ikakhala yofanana koma camber itakwera uku n'kutsika uko, ndiye kuti chimene chasuntha ndi subframe, chimango chimene ma control arm onse awiri amagwirapo. Pa Golf 5 kutsogolo kulibe bawuti yosinthira camber. Chokhacho chimene mungachite ndi kumasula subframe n'kuikankhira pakati. Tinatero ndi mabawuti atsopano, galimoto ili pa makina pomwepo, mpaka mbali ziwirizo zinayandikana bwino mkati mwa mlingo. Kenako toe, chiwongolero chili chowongoka, ndipo pomaliza tinalumikiza kompyuta kuti sensa ya chiwongolero, G85, iphunzirenso pakati pake. Galimotoyi ili ndi chiwongolero chamagetsi, ndipo ESP imadalira sensa imeneyi kuti idziwe kumene dalaivala akufuna kupita. Maulendo atatu aja a alayimenti palibe anaikhudza.

Poyesa pamsewu ndinayamba ndi kuponda buleki mofatsa kangapo kuti mapadi agwirizane ndi madisiki. Kenako, pa msewu wowongoka wopanda anthu, ndinaponda mwamphamvu kuchokera pa 80 km pa ola, manja atangokhudza chiwongolero. Inaima chilili, osapita uku kapena uku. Ndinabwereza katatu, ndipo kachitatuko ABS inagunda pansi pa phazi mofanana. Eni ake anayendetsa pobwerera. Pa raundi ina anakhotera kumanja mofulumirirako, kenako anangogwedeza mutu osanena kanthu.

Ndinawauza kuti abwerenso atayenda makilomita 1,000. Anabwera kumayambiriro kwa April. Mabawuti onse anali pa zizindikiro za penti zimene ndinaika, shoko sinasunthe m'bowo lake, ndipo matayala akutsogolo ankatha mofanana. Ndinapeza chinthu chimodzi chimene ndinachiona kale mu February n'kuwachenjeza: bushi yakumbuyo, labala ya pomangira control arm ya kumanzere, inayamba kung'ambika, mwina kuchokera pa kugunda kuja. Tinasintha mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo n'kubwereranso ku alayimenti. Mwendo wa Golf ya injini yaing'ono uja anautenga, ndipo ndinalembapo ndi penti yoyera kuti 50 mm, mabawuti 3, disiki 280, kuti amene adzaugule adziwe chimene akugula. Knuckle yowotchedwa ija ndinaipempha. Ili pa shelefu pafupi ndi botolo la gasi, ndipo mng'alu wake ndinauzunguliza ndi choko.